Mitengo ya m'nkhalango, mtengo wa simenti

Mlamu wanga ndi mmisiri womanga nyumba. Ali ndi kakampani kake: anyamata asanu, mawilibala awiri ndi chikombole chimodzi choumbira mabuloko. Mwezi watha ndinamupeza pa puloti ina kuseri kwa Area 49 ku Lilongwe akulimbana ndi mayi mwini malowo. Mayiwo ankafuna njerwa zootcha, iye n'kumakakamira mabuloko a simenti.

"Achimwene," anatero mayiwo atagwira m'chiuno, "inu mukundiuza za mitengo ya m'nkhalango, ine ndikukuuzani za mtengo wa simenti."

Ndinaseka, koma mlamu wanga sanaseke. Mawu amenewa amawamva pafupifupi sabata iliyonse.

Mu 2018 boma, kudzera m'bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC, linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda. Chifukwa chake sichifuna kafukufuku. Yendani pamsewu wa ku Dedza kapena ku Mchinji m'chilimwe, muone mauvuni akufuka usiku wonse. Nkhuni zake si tinthambi tophikira nsima ayi, ndi zipika zoti anthu atatu anyamulizane. Mitengo yachilengedwe itatha, nkhwangwa inalowa m'mitengo ya mango yomwe anabzala agogo athu. Pomwe anakumba dothi pamatsala maenje, dzinja likafika udzudzu n'kupeza mudzi.

Lamuloli linathandiza makontilakitala ang'onoang'ono omwe anasintha msanga, chifukwa wofuna tenda yomanga midadada ya sukulu ayenera kudziwa mabuloko. Koma tenda imabwera kamodzi pakanthawi, ndipo malipiro ake amayenda ngati nalimvimvi. Nsima ya tsiku ndi tsiku ya mmisiri imachokera kwa mphunzitsi amene akumanga pang'onopang'ono ndi ngongole ya banki mkhonde, kapena wamalonda wofuna mpanda. Anthu amenewa amawerenga ndalama, osati gazeti ya boma.

Ndiye kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti timapanga konkuno, ku Kasungu, ku Blantyre ndi ku Mangochi, koma mafuta, zitsulo za makina ndi zina zopangira zimafuna dola. Uvuni sufuna dola. Umafuna chulu, madzi, aganyu ndi mtengo wa winawake.

Komabe chimene chikupha msika wa mabuloko kwambiri, m'kuona kwanga, ndi amisiri eni ake. Alipo ena amene thumba limodzi la simenti amalitambasula ngati mafuta ophikira a kumapeto kwa mwezi, mchenga wambirimbiri, simenti yongonunkhiritsa. Buloko likaumbidwa limafuna kuthiriridwa madzi masiku angapo kuti likhwime, koma iwo mawa lake alikweza kale pa lole. Mvula yoyamba khoma lang'aluka, mudzi wonse n'kugamula kuti mabuloko ndi achabechabe. Nsomba ikaola imodzi, ndiye kuti zonse zaola.

Mlamu wanga anasiya kulalikira za chilengedwe. Tsiku lija anatola buloko lake, analikweza kufika pachifuwa, n'kuliponya pansi. Linangobenthuka pangodya. Kenako anagwada n'kuyamba kulemba padothi ndi msomali: njerwa zingati zimalowa pamalo a buloko limodzi, zingati zimasweka potsitsa pa lole, matope omangira angati, pulasitala wokhuthala bwanji kuti abise kupindika kwa njerwa za m'mudzi, masiku angati olipira anyamata. Akuti munthu ukamuwerengera mtengo wa khoma lonse m'malo mwa mtengo wa njerwa imodzi, nkhope imayamba kufewa. Makasitomala ambiri amene ali nawo lero anabwera chifukwa choona khoma la mnzawo.

Sindikunena kuti buloko ndi loyera ngati mngelo. Mchenga wake ukugumula magombe a mitsinje ya Lilongwe ndi Mudi, ndipo simentiyo imaphikidwa pamoto woopsa. Njerwa za dothi zotsindira pa makina, zosakaniza ndi simenti pang'ono, zikanatipulumutsa pa zambiri, koma makinawo mmisiri wa mawilibala awiri angawagule ndi chiyani, chiwongoladzanja cha kubanki chili mmene chililimu?

Mayi aja anavomera mabuloko pa mpanda wokha, kuti ayambe aona mmene upirire dzinja. Za nyumba yeniyeniyo anati anapereka kale chikole kwa mwini uvuni wina wa kwa Njewa.