Mwana wophwasula zidole musamufulumirire ndi chikoti

Sabata yathayi ndinalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa kwa Kaomba m'boma la Kasungu. Dzina sinditchula, monga mwa nthawi zonse. Akuti patha masabata awiri asakulankhulana bwino ndi bambo a kunyumba kwawo, ndipo gwero la zonsezi ndi chidole.

Nkhani yake ili motere. Bambowo atagulitsa fodya ku okushoni ya Chinkhoma anadzera pa Kasungu boma n'kumugulira mwana wawo wa zaka 11 chidole cha loboti, chija chapulasitiki chongoyaka maso koma chosayenda. Mwezi usanathe mwana uja anachimasula chonse. Anazulanso kamota m'wailesi yakufa ya kaseti imene imangokhala kunsi kwa bedi, ati akufuna lobotiyo iziyenda yokha. Bambo pochokera kudimba anangopeza mutu uko, miyendo uko. Chikoti chinalira. Mayi atati aleretse anauzidwa kuti, "Ndinu mukumuwononga mwanayu." Tsono akufunsa kuti, kodi wolakwa ndani?

Makolo anzanga, tisathamangire kuwaweruza bambowa. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, munthu atakhetsa thukuta kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa. Kuona mphatso yako ili mbwee pakhonde zimawawa ndithu. Mwanayonso analakwa posapempha chilolezo, ndipo ayenera kuuzidwa zimenezo.

Koma pali kusiyana pakati pa mwana woswa chinthu ndi mwala, ndi mwana womasula bwinobwino n'kusunga tizitsulo tonse m'kachitini. Woyambayo akuwononga. Wachiwiriyo akufunsa funso lakuti, "Kodi chimenechi chimayenda bwanji?" Mukamukwapula chifukwa cha funso limenelo sasiya kufunsa ayi. Amangosiya kukufunsani inuyo n'kuyamba kuchita mobisa, ndipo ngozi zimayambira pamenepo.

Anthu a ku Kasungu simukusowa chitsanzo. M'mudzi wa Masitala kwa Wimbe munakulira William Kamkwamba, mwana wa mlimi wa chimanga ndi fodya. Ali wamng'ono ankamasula mawailesi pamodzi ndi msuweni wake kufuna kuona chimene chimalankhula m'katimo. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi. Mu laibulale yaing'ono ya kwa Wimbe anapezamo buku lotchedwa Using Energy, ndipo m'chaka cha 2002, ali ndi zaka 14, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Zipangizo zake zinali mitengo ya bulugamu, njinga yakutha, dayinamo, fani ya thirakitala ndi mapaipi apulasitiki. Anthu ankamuseka kuti wapenga. Mu 2007 anakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America, ndipo mu 2019 panatuluka filimu ya moyo wake.

Sindikunena kuti mwana aliyense womasula chidole adzatchuka chomwecho. Koma amakaniko, okonza mafoni ndi oika magetsi a sola amene timawalipira lerowa, ambiri anayamba ndi manja osakhazikika ngati omwewa. M'mera mpoyamba.

Tsono m'malo mwa chikoti, bambo khalani naye pansi mwanayo Loweruka masana, mumalize limodzi zimene anayambazo. Si zovuta ayi.

Kamota ka m'zidole kamazungulira ndi mabatire awiri a tochi. Lililonse lili ndi mavolti 1.5, ndiye mukawandandalika mutu wa lina kugunda kumbuyo kwa linzake, mupeza mavolti 3. Ka m'wailesi kakachita ulesi onjezerani mpaka mabatire anayi. Waya mmodzi achoke kumutu kwa mabatire kupita ku mota, wina achoke kumbuyo kudzera pa switchi. Mukasinthanitsa mawaya awiriwo mota izungulira chobwerera, lobotiyo n'kumayenda chafutambuyo.

Kuyendetsa miyendo n'kovuta kwa woyamba kumene. Imikani lobotiyo pakathabwa kokhala ndi mateyala a zitsekerero za mabotolo, ngati mmene ana amachitira ndi galimoto zamawaya. Mabatire akhale pansi pakathabwapo kuti chidole chisamagwe.

Apa ndi pamene ana ambiri amagwa ulesi. Akalumikiza mota ku teyala mwachindunji, imalira bwino ili m'mwamba koma akaiika pansi imangoti zii. Chifukwa chake n'chakuti kamota kali ndi liwiro koma mphamvu kalibe. Dulani kalamba pachubu chakutha cha njinga, kakoleke pakachitsulo kozungulira ka mota, mbali inayo pachitsekerero chachikulu chimene chamangidwa ku mateyala. Chitsekererocho chikakula kasanu kuposa kachitsuloko, mota izungulira kasanu kuti teyala lizungulire kamodzi. Liwiro lichepa koma mphamvu ichuluka, monga giya yokwerera chitunda. Zikakanika tsiku loyamba musakalipe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malamulo okha akhalepo, ndipo pamenepa musanyengerere. Mwana asayerekeze kulowetsa waya m'soketi ya magetsi a ESCOM. Mmenemo muli mavolti 230, ndipo amapha. Asaboole kapena kutentha batire la foni, makamaka lotupa, chifukwa limayaka moto. Batire la galimoto kapena la sola lili ndi asidi, lisakhale choseweretsa. Timabatire tozungulira ngati mabatani tija tikhale kutali ndi makanda. Mwana akameza kamodzi thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche, poti kamawotcha kummero m'maola ochepa. Lamulo lomaliza: chinthu chamoyo samasula, ndipo chakufa chomwe ayambe wapempha. Mupatseni katoni yakeyake yosungiramo zakufazo, azitsegula akamaliza homuweki. Mwana wamkazi akaonetsa chidwi chomwechi, musamubweze kuti akatsuke mbale.

Kwa inu mayi amene munalemba kalata, mtima wanu unaona bwino, koma musawatsutse amuna anu pamaso pa mwana. Nkhani zotere zimakambidwa kuchipinda. Yambani ndi kuwathokoza chifukwa cha mphatso ija, kenako muwauze kuti mwanayo sanaikane ayi, anaikonda mpaka kufuna kuipatsa miyendo. Mwana akapepese chifukwa chosapempha. Nanu bambo, kuuza mwana wanu kuti "ndinapsa mtima msanga" sikukuchotserani ulemu.

Mukatero mundilemberenso, ndimve ngati loboti ya kwa Kaomba yayenda. Tikumane Lamulungu likubwerali.