Sekani Nokha, Bwana

Tinali anthu asanu ndi awiri m'galimoto ya kuntchito, ulendo wa ku msonkhano wa masiku atatu kunyanja. Titangopitirira pa Liwonde, aliyense chimanga chootcha chili m'manja, bwana amene anakhala kutsogolo anatembenuka n'kuyang'ana mtsikana amene anali atangoyamba ntchito mwezi womwewo, pa kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi.

"Iwe, usiku ukakhome chitseko. Koma ngakhale ukhome, makiyi ena ndikatenga ku risepishoni. Ukakuwa akakumve ndani? Mafunde a nyanja ndi aphokoso."

Galimoto yonse inafa nalo phwete. Dalaivala anachita kumenya chiwongolero. Mayi wa ku akaunti anati, "Aa, bwana inunso!" uku akupukuta misozi. Mtsikana uja anasekanso, kuseka kwa mano okha, maso ali pa chitsononkho chimene chinali m'manja mwake. Ine ndinaseka. Ndikunena poyera kuti wina asaganize kuti ndikulemba izi ngati mngelo.

Titafika, mtsikanayo sanabwere kudzadya chakudya chamadzulo. M'mawa mwake tinamva kuti anakagogoda kwa mayi wa ku akaunti uja n'kupempha kuti agone pansi, pa kapeti, kusiya chipinda chimene kampani inamulipirira. Anagona choncho masiku onse atatu. Bwana atamva anadabwa, kapena anachita ngati wadabwa: "Kodi ana a masiku ano sadziwa macheza?"

Tiyeni tiwavule macheza amenewo tione chotsala. Chotsani kuseka kwa dalaivala, chotsani chimanga chootcha ndi chisangalalo cha alawansi. Chimene chatsala ndi mwamuna amene ali ndi mphamvu pa ntchito ya mkazi, akumuuza pamaso pa mboni kuti angathe kumulowera m'chipinda usiku, kumugwiririra, ndipo palibe amene angamulanditse. Kumeneko ndi kuopseza. Mlandu umene ankaulotawo, malamulo a dziko lino amati wopezeka nawo angathe kukhala kundende moyo wake wonse. Munthu atanena m'galimoto kuti usiku akuthyola sefa ya ku akaunti, mayi aja sakanapukuta misozi ya chimwemwe. Akanaimba foni. Koma poti sefa yake inali thupi la mtsikana wa kontirakiti, tonse tinaona kuti n'zoseketsa.

Ndikudziwa chimene chikubwera. Wina ati, "Ife Amalawi ndife anthu a nthabwala. Ngakhale pamaliro timaseka. Musatibweretsere zachizungu." Pamenepa ndiye ndimapsa mtima kwenikweni, chifukwa amene amabisala kuseri kwa chikhalidwe ndi amene sakuchidziwa.

N'zoona, timaseka pamaliro. Adzukulu amatha kunyoza mtembo, kunyoza ndiwo za pasiwa, kunyoza anamfedwa, ndipo palibe amene amawaimba mlandu. Asuweni amaitanana "mkazi wanga", "mwamuna wanga". Agogo aamuna amamuuza mdzukulu wa zaka zisanu kuti akawaphikire nsima poti ndi mkazi wawo. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba ali ndi chimbuya chawo, amathirana ufa ndi kutukwanizana mpaka wosadziwa n'kuthawa. Koma macheza onsewa ali ndi lamulo limodzi limene aliyense wakumudzi amalidziwa osachita kuuzidwa: amene ukumunenayo ali ndi ufulu wokubwezera. Msuweni ukamuti ndi wonyansa, iye amakuuza kuti mutu wako uli ngati dzungu lakumphika, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero adzukulu ndi ife kwanu, mawa adzukulu ndi inu kwathu. Ndipo mwambo womwewo umene unatsegula pakamwa pa asuweni unatseka pakamwa pa mkamwini pamaso pa apongozi. Makolo athu ankadziwa kuti pali malo amene nthabwala sifika.

Tsono ndiuzeni, mtsikana wa kontirakiti akanamubwezera chiyani bwana? Akanati, "Inunso bwana, ndi mimba yanuyo mungathyole chitseko cha ndani?" Kontirakiti ikanathera pa mlatho wa Liwonde. Bwana si msuweni wa sekilitale wake. Kapitawo si msuweni wa mayi wothyola tiyi. Dokotala si msuweni wa namwino wophunzira amene akudikira siginecha yake. Pamene mmodzi ali ndi cholembera chosainira malipiro, tchuthi ndi kukwezedwa, winayo n'kukhala ndi ana awiri ndi lendi ya ku Ndirande, macheza a mtundu umenewu sangakhalepo. Wina akulankhula, winayo akumeza.

Ndipo amene akumezayo simukudziwa zimene wanyamula. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno, mmodzi mwa asanu alionse anachitidwapo nkhanza zogonana. Werengani amayi a mu ofesi mwanu. Ngati alipo khumi, awiri mwa iwo nthabwala yanu ya makiyi a ku risepishoni si nthano. Ndi usiku wina umene akuyesetsa kuuiwala: amalume aja, mphunzitsi uja, mwamuna wa m'nyumba yemweyo. Sadzakuuzani. Adzaseka ndi mano okha, n'kupita ku bafa kukasamba kumaso. Inu n'kumati, "Mwaona, nayenso waseka."

Kuseka kumeneko musakuyese chilolezo. Anthu amaseka pamaso pa bwana monga momwe amasekera pa rodibuloko wapolisi akawafunsa za fanta. Ndi msonkho.

Ena amati mawu ndi mphepo, bola sanamugwire. Koma nthabwala yotere ili ndi ntchito yake, ndipo mwini wake amaidziwa. Akuyeza madzi ndi ndodo asanawoloke. Akufuna aone: mtsikanayu akwiya kapena ameza? Anzangawa andidzudzula kapena aseka? Tonse titaseka m'galimoto muja tinamuyankha bwana kuti madzi ndi osaya, awoloke. Tinamuyankhanso mtsikana kuti tsiku limene zidzachitike zenizeni asadzabwere kwa ife, chifukwa tidzati ankangocheza, ndiponso iwe unkaseka nawo. Anthu asanu tinakhala mboni za bwana mlandu usanachitike n'komwe.

Zoti kuntchito anthu amagwiriridwa si maloto a mabungwe. Mu Febuluwale 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wa Eastern Produce Malawi, inavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu umene amayi 36 a m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo anakasuma ku London, wonena za kugwiriridwa ndi nkhanza zina za mtundu womwewo. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma ndalama inatulutsa. Taganizirani, mayi wa ku Thyolo chilungamo kukachipeza ku London! Mwezi wotsatira, bungwe la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti lopeza kuti amene anali mkulu wa MBC ankachitira nkhanza zogonana amayi ogwira ntchito pansi pake, ndipo zina mwa nkhanizo zinali zitagona zaka zambiri. Nkhani zotere sizigona zokha. Zimagonekedwa ndi anthu ozungulira, amene amadziwa, amanong'onezana pa nthawi ya tiyi, ndipo amazisandutsa nthabwala. Tonse tinamvapo za "intaviyu ya pakapeti". Taonani mmene tinaliphikira dzinalo kuti likome m'kamwa. Mkazi wagonedwa mokakamizidwa kuti apeze ntchito, ife tapeza mwambi woseketsa pa bawo.

Lamulo lilipo, ngakhale mabwana ambiri amachita ngati sanalimvepo. Gender Equality Act ya 2013, gawo 6, imati kuvutitsa munthu pa zogonana ndi mlandu, ndipo sikuti mpaka umugwire ayi. Mawu okha, ngakhale zizindikiro, ngati wouzidwayo sakuzifuna ndipo munthu wanzeru zake akanadziwa kuti zimunyoza, zimuchititsa manyazi kapena kumuopseza, ndi mlandu. Chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Onani muyeso wake: lamulo silifunsa ngati wolankhulayo ankacheza. Limafunsa ngati munthu wanzeru akanadziwa. "Ndimangocheza" mulibemo. Gawo 7 limafuna kuti olemba anthu ntchito akhale ndi ndondomeko yothana ndi khalidweli ndi njira yodandaulira. M'maofesi ambiri ndondomekoyo ilipodi, ili mu fayilo yabuluu mu kabati ya a HR, imatuluka kukabwera opereka thandizo. Ndipo kawirikawiri woti ukamudandaulire ndi mnzake wa bwana wa ku gofu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Nanga ufulu wolankhula?" Ulipo, gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino. Koma buku lomwelo, pa gawo 19, limati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, ndipo pa gawo 24 limatchula nkhanza ndi kuvutitsa amayi pa zogonana ngati zinthu zoyenera kuthetsedwa. Musawerenge tsamba limodzi n'kutseka buku. Ndiponso ofesi si bwalo la zisudzo. Wopita kukaonera sewero wagula yekha tikiti, zikamunyansa amanyamuka. Mtsikana wa m'galimoto akanatsikira pati? Anabwera kudzagwira ntchito, osati kudzaonera bwana akuyesa luso lake pa thupi lake.

Ku Brazil, mu 2014, phungu wina dzina lake Jair Bolsonaro anauza phungu mnzake, Maria do Rosário, m'nyumba ya malamulo momwe, kuti sangamugwiririre chifukwa mayiyo sakuyenera n'komwe. Khoti linamulamula kulipira chipukuta misozi. Mu 2018 anthu anamusankha kukhala pulezidenti. Ndimaikumbukira nkhaniyi ndikamva anthu akulira kuti masiku ano munthu sungalankhulenso kanthu, ukangotsegula pakamwa ntchito yatha. Yatha ya ndani? Ine amene ndawaona akulongedza katundu ndi amene anadandaula.

Sindikunena kuti tizigwira ntchito ngati tili pa mlandu wa kwa mfumu. Ofesi yopanda kuseka ndi manda. Dziko lino linaseka ndi Izeki ndi Jakobo zaka zambirimbiri, ndipo zoseketsa sizinathe: umbuli wodzionetsa ngati nzeru, umbombo, katangale, mwamuna wodzitama amene kunyumba amaopa mkazi wake. Ngakhale nkhani yogwiririra yomweyi munthu waluso angathe kuiseweretsa, mkondo utaloza koyenera. Sekani wapolisi amene mayi akubwera akulira iye n'kuyamba kufunsa kuti anavala chiyani. Sekani komiti ya chilango imene wapampando wake ndi wodandaulidwa yemweyo. Sekani bwana amene popanda mpando wake palibe mkazi angamuyang'ane kawiri. Pamenepo ndidzaseka nanu mpaka nthiti kuwawa. Koma kuloza mkondo kwa amene wagwa kale sikufuna luso lililonse. Chidakwa chilichonse pa depoti chimatha.

Ndisaiwale amuna anzanga amene amaganiza kuti nkhaniyi ndi ya amayi okha. Wina akamangidwa, pa gulu la WhatsApp la kuntchito mumadzaza zithunzi za sopo ndi mawu oti kundende ya Maula akamupezera mwamuna. Kumenekonso ndi kuseka kugwiriridwa. Ndipo mnyamata amene anachitidwa zimenezi ali mwana, yemwe mwina ndi mesenjala wanu, akuwerenga mauthengawo n'kutsimikiza kuti pakamwa pake sadzatsegula mpaka kumanda. Gulu la WhatsApp la kuntchito ndi ofesi ndithu. Simungathawire kumeneko n'kumati tinali titaweruka.

Kwa amayi akuluakulu a m'maofesi, amene mumamukokera pambali mwana wa mnzanu n'kumuuza kuti, "Angozolowera, ndi mmene alili, ifenso tinadutsamo," ndikumvetsa kumene mukuchokera. Munapirira kuti ana aphunzire. Koma zimene munadutsamozo zinali zoipa, ndipo si chinamwali choti wina aliyense adutsemo. Mayi wa ku akaunti uja anamupatsa mtsikana malo pa kapeti, Mulungu awadalitse. Akanamupatsa mawu amodzi m'galimoto muja, mwina akanagona pa bedi.

Koma mlandu waukulu ndi wathu, amuna oseka nawo. Bwana uja sankalankhula ndi mtsikana yekha. Ankalankhula ndi ife. Nthabwala imakhala ndi moyo chifukwa cha omvera, ndipo ikagwera pa anthu a nkhope zouma imafa nthawi yomweyo ngati nsomba pa mchenga. Sizifuna kuti ukhale ngwazi. Sizifuna chikwangwani kapena tisheti ya masiku 16 aja a mu Novembala ndi Disembala olimbana ndi nkhanza kwa amayi, imene ena amavala m'mawa madzulo n'kumatumiza zolaula pa gulu. Zimangofuna kuti usaseke. Ukalimba mtima pang'ono, ufunse mwaulemu wonse: "Pepani bwana, sindinamve bwino. Choseketsa ndi chiti pamenepa?" Musiyeni afotokoze yekha. Ayambe kumasulira kuti makiyi a ku risepishoni ndi a chiyani, kukuwa kwake n'kwa chiyani. Muone ngati afike kumapeto.

Ine tsiku lija sindinafunse. Miyezi isanu ndi umodzi itatha mtsikana uja sanapemphe n'komwe kuti amuonjezere kontirakiti, ndipo titakumana mu basi patapita chaka anandipatsa moni wa ulemu, wa munthu amene akukumbukira bwino lomwe amene anaseka. Bwana anapuma pa ntchito ndi phwando, tinasonkha ndalama n'kuwagulira suti.

Lolemba likubwerali wina mu ofesi mwanu ayambanso. Inu amene mukuwerenga, musiyeni aseke yekha.