Galimoto za Boma Ziyambe Ndizo Kulondoledwa

M'mizinda yathu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu mwachuluka tsopano amalonda ogulitsa tizipangizo tolondolera galimoto, timene ambiri amangotitchula m'Chingerezi kuti tracker. Amalondaŵa amauza anthu kuti akangoika kabokosi kameneka m'galimoto mwao ndiye kuti nkhaŵa ya mbava yatha, pakuti satelayiti ya kumwamba idzakhala ikuyang'anira galimotoyo usana ndi usiku. Mau ameneŵa ngokoma kumva, koma theka lake lokha ndilo loona. Ife tikuti tizipangizoti ntabwino ndipo m'dziko muno ntofunika. Tikutinso malo oyamba kuikamo akhale m'galimoto za nambala ya MG, zimene zidagulidwa ndi msonkho wa mlimi wa fodya ku Kasungu ndi mai wogulitsa usipa ku Nkhotakota.

Tiyambe tamva m'mene zinthuzi zimagwirira ntchito, chifukwa wogula chinthu chimene sachidziŵa sachedwa kupusitsidwa. Njira yotchedwa GPS adaiyambitsa ndi asilikali a dziko la United States. Satelayiti yoyamba adaiponya m'chaka cha 1978, ndipo ntchito yonse idakwanira mu 1995 atafikitsa masatelayiti 24. Masatelayitiŵa ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, ndipo iliyonse imazungulira dziko kaŵiri pa tsiku. Mu 1983 ndege ya Korean Air Lines idasokera nkuwomberedwa ndi asilikali a Soviet Union, anthu 269 nkufa, ndipo pamenepo Pulezidenti Ronald Reagan adalengeza kuti anthu wamba adzaloledwa kugwiritsa ntchito njirayi. Komabe asilikali ankaisokoneza dala kotero kuti inkaphonya ndi mamita ngati 100, kufikira mwezi wa May 2000 pamene Pulezidenti Bill Clinton adalamula kuti aleke. Lero imaphonya ndi mamita oŵerengeka okha. Dziko la Russia lili ndi yake yotchedwa GLONASS, maiko a ku Ulaya ali ndi Galileo, China ali ndi BeiDou.

Chimene amalonda aja sanena nchakuti satelayiti siona galimoto ya munthu aliyense. Iyo imangolengeza nthaŵi ndi malo amene ili, monga momwe nyumba ya wailesi imaulutsira mau osadziŵa amene akumvera. Kabokosi ka m'galimoto nkamene kamatchera khutu. Kakamva masatelayiti anai, kamaŵerengera nthaŵi imene uthenga wa iliyonse watenga kuti ufike, ndipo kamadziŵa pamene kali. Tsono kuti mwini galimoto adziŵeko, kabokosiko kayenera kumtumizira uthenga pa lamya, nchifukwa chake m'kati mwake muli SIM khadi ya TNM kapena Airtel. Apa mpamene pagona nkhani. Galimoto ikaloŵa kudera kumene netiweki sifika, kabokosi kamakhala chete mpaka itatulukako. Ikadutsa malire pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Mchinji ili ndi khadi losagwira kunja, yasoŵa basi. Mwini akaiŵala kulipira ndalama za pamwezi, wanyamula chitsulo chachabe. Ndiponso mbava zochenjera zili ndi timakina tosokoneza uthenga timene zimalumikiza pamalo oyatsira ndudu. Wogula aliyense afunse mafunso ameneŵa asanatulutse ndalama, makamaka lakuti usiku wa Loŵeruka, galimoto ikabedwa, adzayankha lamya ndani.

Tiyeneranso kusiyanitsa zinthu ziŵiri zimene anthu amaziphatikiza. Cholondolera chimathandiza kupeza galimoto imene yabedwa kale. Choletsa kuba nchina, ndipo chimene chaonetsa mphamvu kuposa zonse ndi chija chotchedwa immobiliser: m'kiyi muli kachitsulo kokhala ndi nambala yachinsinsi, ndipo injini siilira ngati siimva nambalayo. Maiko a mu European Union adalamula kuti kuyambira mu 1998 galimoto yatsopano iliyonse ikhale nacho. Akatswiri aŵiri, Jan van Ours ndi Ben Vollaard, atafufuza adapeza kuti chidachepetsa kuba galimoto ndi magawo ngati 40 pa 100 alionse. Ku United States lamulo lotere kulibe, ndipo zotsatira zake zidaoneka. Galimoto zambiri za Kia ndi Hyundai za zaka za 2011 mpaka 2021 zidagulitsidwa zopanda chipangizochi. Anyamata a mu mzinda wa Milwaukee atatulukira zimenezi adayamba kuphunzitsana pa TikTok kuliza galimotozo ndi chingwe cha lamya, kubako nkufalikira m'mizinda yambiri, mpaka mu 2023 makampaniwo adavomera kulipira madola pafupifupi 200 miliyoni. Izi zikutikhudza chifukwa galimoto zambiri za m'miseu yathu nzogwiritsidwa kale ntchito, zochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo zina mwa zotsika mtengo zilibe chipangizochi. Alamu yolira, tinene zoona, anthu a m'tauni adaizoloŵera ngati kulira kwa tambala. Ikalira palibe amadzuka.

Pali phunziro lina lochokera ku kampani ya LoJack, imene idayamba kugulitsa tizipangizo tobisika ta wailesi ku Massachusetts mu 1986. Mu 1998 Ian Ayres ndi Steven Levitt adaonetsa kuti m'mizinda imene tizipangizoti tidafala, kuba kudatsika ngakhale kwa anthu amene sadagule. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Loko ya pachiwongolero imaoneka, choncho mbava imangoilambalala nkukaba ya mnzako. Koma ngati mbava siidziŵa kuti galimoto yokhala ndi cholondolera ndi iti, imaopa zonse, ndipo galimoto imodzi yotere ingathe kutsogolera apolisi ku garaja kumene zina khumi zikuphwasulidwa. Motero amene amamata chipepala pagalasi cholengeza kuti galimoto yao njolondoledwa, kapena kunyadira pa malo omwera moŵa kuti kabokosi adakabisa pansi pa mpando wakumbuyo, akuononga okha chimene adalipira.

Ku South Africa, kumene kulanda galimoto ndi mfuti kudafika poipa, makampani monga Netstar, Tracker ndi Cartrack adakula kwambiri, ndipo a inshulansi kaŵirikaŵiri amakana kulandira galimoto ya mtengo wapatali ngati ilibe cholondolera. Kuyambira mu September 2012 galimoto zatsopano kumeneko zimawazidwa timadontho zikwizikwi tosaoneka bwino ndi maso, tokhala ndi nambala yozindikiritsa galimotoyo, kuti ngakhale aiphwasule masipeya ake adziŵike. Zina mwa galimoto zobedwa kumeneko zimaoloka Limpopo kapena kuloŵa ku Mozambique, ndipo tisadzinamize kuti zonse zimathera komweko. Mbava siiba chinthu chopanda msika. Munthu wa pa ntchito ya Boma amene wapeza Toyota Hilux pa theka la mtengo wake, mapepala ake okaikitsa, nkunena kuti wachita mwaŵi, ameneyo ndi mnzake wa mbava. Akuluakulu a polisi a m'chigawo chino adakhazikitsa bungwe la SARPCCO mu 1995 ku Victoria Falls pofuna kuthana ndi milandu yodutsa malire yonga imeneyi, ndipo Interpol imasunga kaundula wa galimoto zobedwa. Kupita ku polisi kuti akaone nambala ya injini ndi ya chasisi musanalipire nkwa tsiku limodzi chabe.

Tsopano tibwere ku nkhani yathu yeniyeni. Chuma cha Boma chimene chimatha kudzera m'galimoto sichitha ndi mbava yodumpha mpanda usiku yokha ai. Chimatha masana dzuŵa likuswa mtengo, makiyi ali m'manja mwa munthu wololedwa. Aŵerengi athu ambiri ali m'maofesi ndipo akudziŵa zimene tikunena: galimoto ya ofesi yopezeka ku munda kwa bwana Lamulungu itasenza matumba a feteleza, ulendo wa makilomita 80 wolembedwa m'buku la maulendo kuti ndi 200, dizilo wopopedwa ndi paipi nkuthiridwa m'zigubu kuseri kwa sitolo, ambulansi yobwera kuchokera ku boma itanyamula makala ndi anthu olipira, pamene mai wapakati akudikira pa chipatala chaching'ono. Buku la maulendo limalembedwa ndi dzanja, ndipo dzanja limalemba zimene mwini wake wafuna. Kabokosi kaja kamalemba ola limene injini idalira, mseu umene galimoto idadutsa, liŵiro lake, ndi pamene idaima. Kakalumikizidwa ku thanki kamaonetsanso ngati mafuta atsika mwadzidzidzi galimoto ili chiimire.

Ena adzati uku nkuzunza madalaivala. Ife tikuona mwina. Dalaivala ndiye munthu wamng'ono m'nkhani zonsezi. Bwana akamuuza kuti kapereke ana ku sukulu kapena katenge njerwa ku Lunzu, iye sangakane, koma mafuta akapereŵera amene amaitanidwa kukayankha ndi iye yemweyo. Cholondolera chimampatsa mboni. Chimathandizanso pa ngozi, pakuti chimaonetsa ngati ankathamanga mopitirira muyeso kapena ai. Dalaivala wokhulupirika alibe choopa, ndipo tikukhulupirira kuti oterewo ndiwo ambiri.

Koma chipangizo pachokha sichilanga munthu. Unduna ungathe kugula timabokosi mazanamazana, kuchita mwambo wotsegulira ndi kujambulitsa zithunzi, koma pakapita miyezi isanu ndi umodzi nkupezeka kuti ndalama za pamwezi sizidalipidwe, theka la timabokosi tadulidwa mawaya, ndipo palibe adafunsidwa. Chofunika nchakuti pakhale munthu wodziŵika ndi dzina amene ntchito yake nkuŵerenga malipoti mlungu uliwonse, ndipo malipotiwo azipitanso kwa oŵerengera chuma cha Boma, osathera pa tebulo la mkulu yemwe akugwiritsa galimotoyo. Kudula waya wa cholondolera kukhale mlandu wofanana ndi kung'amba tsamba la m'buku la ndalama. Ndipo ntchitoyi iyambire kumwamba. Akale adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka; ngati galimoto za alembi aakulu ndi akulu a nthambi zikhala zopatulidwa, a pansi adzaona kuti lamuloli ndi la iwo okha, ndipo adzapeza njira yolizembera. Atsogoleri a chipani amene apatsidwa galimoto m'zigawo ndi m'maboma avomerenso zomwezo, pakuti sitingauze anthu a m'boma kusamala chuma ife eni tikukana kuŵerengedwa.

Pogula pafunikanso maso. Mu 2022 kampani ya BitSight idaulula kuti kachipangizo kotchipa ka ku China kotchedwa MiCODUS MV720, kamene kadagulitsidwa m'maiko ambiri, kankabwera ndi nambala yachinsinsi 123456, ndipo munthu wakutali akadatha kuona kumene galimoto ili ngakhalenso kuidulira mafuta ikuyenda. Taganizani kachipangizo kotere kali m'galimoto za apolisi kapena zonyamula mankhwala. Amene amagula katundu wa Boma asamangoyang'ana mtengo wotsika. Afunse kuti uthengawo ukusungidwa pa kompyuta ya ndani ndiponso m'dziko liti.

Nanga galimoto za anthu wamba? Apa tikuti Boma lilimbikitse koma lisakakamize. Dziko la Uganda lidagwirizana ndi kampani ina ya ku Russia mu 2021 kuti galimoto ndi njinga zamoto zonse zikhale ndi manambala olondoleka, ndipo ntchitoyo idayamba ndi galimoto za Boma kumapeto kwa 2023. Anthu adadandaula za mtengo wake, ndipo bungwe la Human Rights Watch lidachenjeza kuti boma lidzatha kudziŵa kumene nzika iliyonse yapita. Ku United States bwalo lalikulu lidagamula mu 2012, pa mlandu wa Jones, kuti apolisi akamata GPS pa galimoto ya munthu ndiye kuti achita chipikisheni, chimene malamulo amachiikira malire. Galimoto ya MG nja anthu onse, choncho anthu ali ndi ufulu wodziŵa kumene yagona. Galimoto ya mphunzitsi amene adaigula ndi ngongole nja iye mwini. Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la chaka cha 2024, ndipo makampani olondolera galimoto ayenera kulitsata, chifukwa amasunga zinsinsi zazikulu: kumene munthu amagona, kumene amapemphera, chipatala chimene amapita. Abambo ena amene amabisa kabokosi m'galimoto ya akazi ao mwakachetechete adziŵe kuti kumeneko si kuteteza katundu.

Amene angapindule msanga ndi anyamata athu a kabaza. Njinga yamoto ndiyo munda wao, ambiri adaitenga pa ngongole kapena akuyendetsera munthu wina, ndipo achifwamba amaŵavulaza pofuna njingayo. Magulu ao akadagwirizana nkugula tizipangizoti pamodzi, mtengo ukadatsika, ndipo monga adaonetsera a Ayres ndi a Levitt, ngakhale amene sadaike akadatetezeka nao. Koma iwo, pamodzi ndi eni galimoto onse, amve chenjezo ili. Lamya ikakuonetsani kuti katundu wanu ali m'mpanda wakutiwakuti ku Ndirande kapena ku Mchesi, musasonkhanitse achibale ndi zibonga nkuthamangirako. Anthu amene ali m'mpandamo angakhale ndi zida, ndiponso mungamenye munthu wosalakwa amene adangogula njingayo dzulo lake. Tengani lamyayo mupite nayo ku polisi. Ndipo ngati chipangizo chanu chili ndi mphamvu yozimitsa injini, dikirani galimoto iime kaye, chifukwa galimoto yozimitsidwa ikuthamanga pa mseu wa M1 imalimba chiwongolero ndi mabuleki, ndipo m'mbali mwa mseuwo mukuyenda ana a sukulu.