Kutali n'kuti, bwana?

Omvera, pali mawu ena amene ndawamva mokwanira, ndipo madzulo ano ndikufuna tiwasende. Bungwe la anthu apantchito likangoti laima ndi anzawo amene akuzunzika m'dziko lina, sipalephera kudzuka bwana wina wa tayi n'kunena kuti wantchito azilira za malipiro ake, zakutali azisiyira akazembe. Ena amawonjezera kuti kumeneko n'kulowerera za eni. Za kulowererazo tidzakamba tsiku lina. Chikundiyabwa ine ndi liwu loti kutali.

Kutali. Kutali n'kuti, bwana?

Pa 19 Julayi 1984, mumzinda wa Dublin ku Ireland, mtsikana wa zaka 21, Mary Manning, anali pantchito yake yolandira ndalama m'sitolo ya Dunnes Stores. Kunabwera kasitomala atanyamula manyumwa awiri ochokera ku South Africa. Bungwe lake linali litalangiza mamembala kuti asamagwire katundu wochokera m'dziko la tsankholo, choncho iye anakana kugulitsa. Anamuimitsa ntchito, anzake pafupifupi khumi n'kutuluka naye. Tsono tandiuzani, South Africa inali kutali ndi mtsikanayu? Pamapu inde, ulendo wake ndi wa usiku wonse pandege. Koma manyumwa aja anali patebulo pake, pamphuno pake penipeni, ndipo ndalama yopita kwa eni minda ya azungu okhaokha imayenera kudutsa m'zala zake. Kazembe sanali pamenepo. Anali iyeyo.

Anakhala pakhomo pa sitoloyo zaka pafupifupi zitatu, m'chisanu cha kumeneko, akulandira mapaundi 21 pa sabata kuchokera ku bungwe lawo. Mu 1987 boma la Ireland linaletsa zipatso za ku South Africa kulowa m'dzikomo, ndipo Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu 1990 anakaonana nawo ku Dublin. Amene amati zoterezi sizisintha kanthu ayankhe yekha pamenepo.

Koma tibwerere ku kutali kuja, poti sindinathane nako. Mu Epulo 2008 padoko la Durban ku South Africa panafika sitima yapamadzi ya ku China, dzina lake An Yue Jiang, itasenza zida zankhondo matani 77, kuphatikizapo zipolopolo mamiliyoni atatu. Katunduyo amapita ku Zimbabwe, kumene anthu anali ataponya voti pa 29 Malichi koma zotsatira za mpando wa pulezidenti zili chikhalire m'thumba la wina. Akazembe amene tikuuzidwa kuti tiziwasiyira zinthuwa anachita chiyani? Pulezidenti Thabo Mbeki wa ku South Africa anati ku Zimbabwe kulibe vuto. Boma lake linati silingalowerere malonda a mayiko ena awiri, ndipo chilolezo choti zidazo zidutse chinali chitatuluka kale. Amene anati toto anali anthu otsitsa katundu padoko, mamembala a bungwe la SATAWU. Kenako khoti lalikulu la ku Durban linaletsa kuti zidazo zidutse m'dzikomo, sitima n'kuchoka osatsitsa bokosi ngakhale limodzi. Levy Mwanawasa, amene panthawiyo anali wapampando wa SADC, anapempha mayiko anzake kuti nawonso asailandire.

Kuchoka ku Durban kukafika ku Harare ndi mtunda ndithu, sindikukana. Koma chipolopolo sichimera mapiko n'kuuluka chokha kuchoka kufakitale. Pali wina amene amachikweza, wina amachitsitsa, wina amasaina pepala, wina amayendetsa lole. Aliyense mwa anthu amenewa ndi wantchito, ndipo katunduyo akafika m'manja mwake nkhaniyo yafika pakhomo pake. Ndiye mukamuuza kuti zimenezo n'zakutali, mukutanthauza chiyani? Mukutanthauza kuti nyamula, usafunse. Ingonenani choncho, bwana, tisamazungulire.

Chimene chimandiseketsa n'choti mawuwa timawavomera ndi mutu ife, ife amene agogo athu anathera nsapato panjira ya ku Joni. Clements Kadalie anabadwira ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, sukulu anaphunzira ku Livingstonia. Mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anthu apadoko kumeneko ananyanyala ntchito, kufuna malipiro abwino komanso kukana kukweza chakudya chopita kunja pamene mitengo inali itakwera kwawo. Mtonga wa m'mbali mwa nyanja akanamvera nzeru ya kutali ija, bwenzi atangoti izi n'za eni, ine ndine mlendo. Lero mdzukulu wake akumva pawailesi kuti za anzake akunja sizimukhudza, iye n'kumati zoonadi, bwana anena. Timakhulupirira msanga, abale, bola woyankhulayo wavala jekete.

Ndiponso taonani nthawi imene liwuli limatulukira. Chimanga chikavuta, palibe amanena kuti London kapena Washington n'kutali. Kalata yopempha thandizo imafika tsiku lomwelo. Wogula fodya ndi tiyi wathu ali kutsidya la nyanja, koma sindinamvepo wina akuti ndalama yake yachokera kutali, ibwerere. Kumatalika pokhapokha wantchito wakuno akafuna kugwirana dzanja ndi wantchito wakumeneko. Ndipo mwezi wa Juni ukafika, msonkhano waukulu wa bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO ukamayamba ku Geneva, bwana yemwe uja mudzamupeza pabwalo la ndege sutikesi ili m'manja, alawansi atasainira kale.