Kanema wa ku America uja sakutiuza kuti tizichirira pakhomo



Mwezi watha, titamaliza pulogalamu ya zaumoyo, tinaonetsa kanema kwa amayi a gulu lomvera wailesi. Panali oyembekezera, oyamwitsa ndi agogo awiri. Kanemayo ndi wa ku America, dzina lake The Business of Being Born, ndipo anatuluka mu 2008. Anamukonza ndi amayi awiri, Ricki Lake ndi Abby Epstein. Popeza ndi wa m'Chingerezi, tinkaimitsa kompyuta pafupipafupi kuti aphunzitsi ena atimasulire.

Nkhani yake ndi yakuti ku America pafupifupi amayi onse amachirira kuchipatala, ndipo mwana mmodzi mwa atatu alionse amabadwa pa opaleshoni. Okonza kanemayu akudandaula kuti madokotala kumeneko amafulumira kupereka mankhwala othamangitsa matenda ndi kutenga mpeni, ngakhale pamene mayi akanachira yekha bwinobwino. Choncho akutionetsa amayi ena amene anasankha kuchirira m'nyumba zawo mothandizidwa ndi azamba. Ricki Lake mwini wake akuoneka akuchirira m'bafa la kunyumba kwake.

Kanema atatha, mkangano unabuka. Agogo amodzi anaomba m'manja, amvekere ngakhale azungu ayamba kubwerera ku zomwe ife tinkachita kale m'chikuta, nanga ana a lero mukuthamangiranji kuchipatala. Mayi wina wachitsikana anati iye sanasirire nyumbayo ayi, koma mawu a mzamba uja: amalankhula motsitsa, amalola mayi kuyenda, kugwada kapena kunjuta, mwamuna wake atamugwira dzanja. Iye pochira mwana wake woyamba anakalipiridwa ngati wakuba, ndipo mayi ake anawatsekera kunja. Wachitatu anakhala chete nthawi yaitali. Uyu mwana wake anapitirira, matenda atamutengera masiku awiri pakhomo, kenaka ulendo wa pa ngolo. Iye anangofunsa kuti kuchokera m'nyumba zimenezo kukafika kuchipatala ndi mphindi zingati.

Ine ndine mwana, sindinagwirepo khanda langa, koma ndiloleni ndiikepo mlomo, chifukwa alamu anga ali ndi pakati pa miyezi 8 ndipo analipo tsiku limenelo. Funso la mayi wachitatu uja ndi limene lagwira nkhani yonse.

Kumbukirani mapeto a kanemayu. Abby Epstein nayenso anali woyembekezera ndipo ankaganiza zochirira pakhomo. Matenda anamuyamba masiku asanakwane, mwana atatsogoza matako. Mzamba atamuyeza sanalimbane nazo, anamuuza kuti athamangire kuchipatala. Anakwera galimoto m'mzinda wa New York, nakachira pa opaleshoni, ndipo mwanayo anakhala moyo. Tsono dzifunseni, zikanakhala kuno usiku wa mvula, mtsinje utadzaza, mwini njinga yamoto foni yake itazima, nkhaniyi ikanatha bwanji?

Onaninso kuti mzamba wa m'kanemayu ndi namwino wophunzira ntchito yake, woyenda ndi zipangizo ndi mankhwala. Azamba athu akumudzi tikuwalemekeza, ambiri a ife tinabadwira m'manja mwawo. Koma mayi akayamba kutaya magazi ambiri atachira, akhoza kumwalira pasanathe maola awiri. Kuchipatala amamubaya jakisoni wa oxytocin mwana akangobadwa kuti chiberekero chikungike. Mayi akakomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, pali mankhwala ake. Mwana akakanika kutuluka, pafunika opaleshoni, ndipo kuno ku Mozambique kuyambira mu 1984 boma limaphunzitsa akatswiri otchedwa técnicos de cirurgia kuti azichita ntchitoyi m'zipatala za m'maboma. Ngati mayi ali ndi kachilombo ka HIV, khanda limalandira mankhwala olitchinjiriza. Zonsezi m'chikuta mulibe. Kafukufuku wa boma wa mu 2011 anapeza kuti amayi 408 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Anzathu a ku America akudandaula kuti mpeni wachuluka. Kuno ambiri amene tinawaika m'manda ndi amene mpeniwo sunawapeze nthawi yabwino.

Komabe mayi wachiwiri uja naye akunena zoona, ndipo a zaumoyo amve. Mayi amene anatukwanidwa pa mimba yoyamba, pa yachiwiri amabisa matenda mpaka mwana abadwire pakhomo, kapena amawolokera ku Dedza kapena ku Ntcheu mochedwa. Kutsidyako boma la Malawi linaletsa azamba akumudzi kuchiritsa amayi mu 2007, koma mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena kuti chiletsocho chichoke. Lamulo palokha silikoka mayi kupita kuchipatala. Chimene chimamukoka ndi kulandiridwa ngati munthu.

Ulemu umenewu si chinthu cha azungu okha. Mu 2009 Unduna wathu wa Zaumoyo unayambitsa ndondomeko ya Maternidade Modelo, yomwe inkalimbikitsa kuti mayi akhale ndi munthu womuperekeza pochira, aloledwe kuyenda matenda ali m'kati, asankhe kakhalidwe komuyenera, ndipo mwana akangobadwa aikidwe pachifuwa pake n'kuyamwa. Bungwe la WHO linanenanso zofananazo mu 2018. Choncho zimene munasirira m'kanema muja mukhoza kuzipempha kuchipatala kwathu konkuno. Anamwino athu ndi ochepa ndipo amatopa, izi tikudziwa, koma kutopa si chilolezo chotukwanira mayi. Zikakuchitikirani, uzani mkulu wa chipatalacho kapena a komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu. Kukhala chete n'kusiyira mnzanu wa mawa msampha womwewo.

Tsono inu mayi woyembekezera, chisankho chanu chenicheni chili apa. Yambani sikelo msanga ndipo musataye kadi yanu. Ngati kwanu n'kutali, pitani ku nyumba yodikirira, ija timati casa de espera, mwezi wa 9 ukangoyamba. Musamwe mwanamphepo kapena mankhwala ena othamangitsa matenda, chifukwa akhoza kung'ambitsa chiberekero. Mukaona magazi, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, nsupa itasweka matenda asanayambe, kapena mwana atasiya kugunda, nyamukani nthawi yomweyo osadikira kuti kuche. Inu abambo, mukagulitsa mbatata kapena chimanga patulani ndalama ya ulendo, ndipo gwirizanani ndi wa njinga yamoto kusanafike tsikulo. Inu apongozi ndi azamba akumudzi, ntchito yanu siinathe: muperekezeni, mumugwire dzanja, mumulankhulire pamene iye mphamvu zamuthera.

Alamu anga ufa ndi nyemba amanga kale, sabata yamawa ndiwaperekeza kukadikirira. Amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga, tilembereni kalata kapena bwerani ku wailesi, tidzawerenga pa pulogalamu yathu ya zaumoyo. Mutu umodzi susenza denga.