MAU A MKONZI: Mwai wa Maphunziro a Kunja Ufike Kumudzi

Pamene Zambia analandira ufulu wodzilamulira mu 1964, nzika zokhala ndi madigiri a ku yunivesite zinali pafupifupi 100 cabe. Ambiri a iwo anaphunzira kunja, monga ku Fort Hare ku South Africa ndi ku Makerere ku Uganda, pakuti Yunivesite ya Zambia inayamba kuphunzitsa mu 1966. Mu 1972 acinyamata athu, pamodzi ndi a ku Tanzania, anapita ku China kukaphunzira nchito za njanji, nabwera kudzatumikira TAZARA. Cotero kutumiza ana kunja kwathandiza kumanga dziko lino kuyambira paciyambi.

Mwai umenewu ulipobe. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, limalengeza malo a maphunziro operekedwa ndi maiko monga China, Russia ndi India. Koma kodi mwana wa mlimi wa ku Vubwi, ku Chama kapena ku Nyimba amamva mbiriyi nthawi isanathe?

Zilengezo zambiri zimatuluka m'Cingerezi pa intaneti, ndipo masiku ofunsira malo amakhala owerengeka. Mwana akamva, afunika pasipoti, cikalata ca dotolo, ndi zikalata za mayeso zotsimikizidwa. Akaitanidwa ku Lusaka, ulendo wocokera ku Chipata upitirira makilomita 500. Kholo loyembekeza kugulitsa nshawa silingapeze ndalama zonsezi pa sabata imodzi. Motero malo amapita kwa ana a m'tauni, ngakhale wakumudzi anakhoza mayeso mofanana nao.

Tipempha Boma kuti zilengezo zitumizidwe msanga kwa akulu a masukulu a sekondale ndi kwa mafumu, ndiponso ziulutsidwe pa wailesi m'Cinyanja. Thumba la citukuko la CDF, limene linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse mu 2022, liloledwe kulipirira pasipoti ndi ulendo wa mwana wosauka amene wasankhidwa.

Tikumbukirenso kuti kunja si kutsidya kwa nyanja kokha. Mu 1997 maiko a SADC anapangana kusungira ana a maiko anzao malo 5 pa 100 alionse m'mayunivesite ao. Kwa mwana wa ku Chipata, sukulu ya zaulimi ya Bunda ku Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, ndipo cinenero ndi mbeu za kumeneko n'zimodzi ndi zathu. Ifenso tilandire ana a Malawi ndi Mozambique m'makoleji athu, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Makolo, sungani bwino zikalata za mayeso za ana anu, ndipo mwana wamkazi akapeza malo musamuletse. Inu ana amene mupita, phunzirani mwakhama ndi kubwerera kwanu. Zipatala ndi minda ya kumidzi zikusowa manja anu.