Sukulu ikatha, maulendo nawonso athere pomwepo?

Mukawafunsa anthu ambiri ogwira ntchito ku Balaka, Kasungu kapena Luchenza kuti adafika liti kunyanja komaliza, yankho limakhala lofanana: ali Fomu 3, pa ulendo wa kalabu ya zachilengedwe. Padutsa zaka khumi, ena makumi awiri, koma madzi a ku Cape Maclear sadawakhudzenso.

Chodabwitsa n'choti nthawi imeneyo analibe ndalama. Lero amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, koma sayenda. Chidalakwika n'chiyani?

Chinsinsi cha ulendo wa kusukulu chidali gulu. Ana 60 ankasonkherana, kubwereka basi kapena lole imodzi, kunyamula ufa, nyemba ndi nkhuni, usiku n'kugona m'kalasi ya sukulu ina pafupi ndi malo okaonawo. Palibe ankalipira chipinda cha hotela. Munthu akamaliza maphunziro gulu lija limabalalika, ndipo mtengo wonse wa ulendo umagwera thumba limodzi.

Thumbalo nalo lili ndi eni ake ambiri. Fizi ya mng'ono, feteleza wa makolo kumudzi, lendi, maliro. Tchuthi chilipo ndithu, pakuti lamulo la ntchito limapereka masiku 15 pachaka kwa wogwira masiku asanu pasabata, ndi 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Koma masikuwa amathera kumunda ndi kuziliza. Wina akanena kuti akupita ku Zomba kukangoona phiri, achibale amayamba kunong'ona kuti ndalama zamuchulukira, kapena wayamba zachizungu.

Kenaka pali chuma cha dziko. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta idakhala yozolowereka m'zaka zimenezi. Mafuta akasowa, kondakitala wa minibasi amatchula mtengo womwe wamufikira m'mutu. Banja la anthu asanu likawerengetsa thiransipoti yokha yopita ndi kubwerera, ulendo umafera pakhonde.

Komabe alipo omwe sadasiye kuyenda, ndipo njira yawo si yachilendo: adangobwezeretsa gulu lija. Makwaya, amayi a Mvano ndi matimu a mpira wongosangalala amabwereka basi chaka ndi chaka. Amayi omwe amasunga ndalama kubanki m'khonde kuti adzagule mapoto ndi malata akhoza kupatulanso kangachepe ka ulendo umodzi pachaka. Chipereganyu chomwe chimagulira munthu njinga sichingalephere kulipira mpando wa basi.

Ena amaphatikiza ulendo ndi mwambo, zomwe achibale sangadandaule nazo. Wopita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia mu August, amakhala wadutsa chipata cha Mchinji n'kuona dziko lina. Wopita ku Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde mu October amakhala ali m'mphepete mwa phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri amavina, kudya kalongonda, n'kukwera basi yobwerera osaponda ngakhale pa mathithi a Likhubula.

Malo ena ali pakhomo penipeni. Anthu a ku Dedza ali ndi zojambula zamakedzana pamiyala ya Chongoni, zomwe UNESCO idazizindikira mu 2006, komanso malo a chikhalidwe a Kungoni ku Mua. A ku Chikwawa ali ndi Majete, nkhalango yomwe nyama zidatsala pang'ono kutheratu bungwe la African Parks lisanayambe kuiyang'anira mu 2003. A ku Nkhotakota adalandira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Alendo amachoka ku Ulaya kudzaziona, pamene wokhala paboma pomwepo sadazionepo, chikhalirecho Mmalawi amalipira ndalama yochepa pachipata poyerekeza ndi mlendo wakunja.

Apa mpomwe a zokopa alendo akuyenera kudzifunsa. Nkhani zawo zambiri zimakhala za madola ndi ndege, ndipo mitengo ya malo ogona ambiri m'mbali mwa nyanja imapangidwa poganizira mlendo wakunja. Koma mliri wa Covid-19 utatseka zipata mu 2020, omwe adatsala oti n'kugona m'zipinda zija adali Amalawi omwewa. Mphunzitsi wa ku Ntcheu safuna dziwe losambiramo. Akufuna chipinda chaukhondo, malo oti aphikepo nsima yake, ndi mtengo wa gulu wolembedwa poyera kuti iye ndi anzake adziwe zoti asonkhe kuyambira Januwale.